English Grammar in Use: mmene bukuli limaphunzitsira nthawi ya m'tsogolo

Buku la Raymond Murphy la chikuto chabuluu lidatuluka koyamba mu 1985 ku Cambridge University Press. Kope lachisanu la 2019 lili ndi mayuniti 145, ndipo za nthawi ya m'tsogolo zili pa Yuniti 19 mpaka 25. Yuniti iliyonse ndi masamba awiri, kumanzere malongosoledwe, kumanja ntchito yoyankha.

Bukuli limakhudza penipeni pomwe olankhula Chichewa timapunthwa. Ife timaona kutalika kwa nthawi: "ndipita" ndi lero lino, "ndidzapita" ndi mawa kapena m'tsogolo. N'chifukwa chake ophunzira ambiri amaika "will" paliponse pamene pali -dza-. Chingerezi chimafunsa china: maganizowo mwawapanga liti? Mwaona agogo akuvutika ndi katundu n'kuganiza pomwepo zowathandiza, mumati "I'll carry it". Munaganiza kale zodzala soya chaka chino, ndiye "I'm going to plant soya". Ngati tikiti ya basi ili kale m'thumba, "I'm travelling on Friday". Yuniti 23 imaika "will" ndi "going to" pamodzi, ndipo ndi imene imachotsa chisokonezocho.

Yuniti 25 payokha ikukwanira kuti bukuli mulifunefune. Mawu oti "ndikadzafika" ali ndi -dza- m'kati, choncho wophunzira amalemba "when I will arrive", komwe n'kulakwa. Pambuyo pa "when", "if", "before" ndi "until" mneni amakhala wa nthawi ya tsopano: "when I arrive".

Zofooka zilipo. Yuniti 24 yapanikiza "will be doing" ndi "will have done" pa masamba awiri okha, moti popanda mphunzitsi ambiri amangoloweza osamvetsa. Komanso pepala sililankhula, pamene "I'll" ndi "we'll" pakamwa pa Mngerezi amamveka mwachidule kwambiri. Kope lobwera ndi ebook lili ndi mawu omvetsera.

Pogula onetsetsani kuti pachikuto palembedwa "with answers", chifukwa lilipo lina lopanda mayankho kumapeto. Chitani yuniti imodzi patsiku, mayankho muzilemba m'kope lapadera kuti mudzabwerezenso pakatha sabata. Kwa wokonzekera MSCE ndi loyenera. Amene akungoyamba kumene ayambe ndi lofiira, Essential Grammar in Use.