Maginito, timipira tolimba, microgel kapena thovu la sopo: njira iti ionetsa bwino kusungunuka kwa kristalo yafulati?

Ayezi akamasungunuka amachoka pa kulimba n'kukhala madzi, palibe chapakati. Koma timipira tikayalidwa osasanjikizana, ngati chimanga choyanika pamkeka, kristalo yake, kutanthauza kuyalana kwake mwadongosolo m'mizere, imatha kusungunuka kawiri. Maziko a ganizoli anaika Kosterlitz ndi Thouless mu 1973, ndipo Halperin, Nelson ndi Young analikuza mu 1978 ndi 1979, n'chifukwa chake limatchedwa KTHNY, kutengera zilembo zoyamba za maina awo. Mu kristalo yotere kampira kalikonse kamakhala ndi anansi 6. Chilema chimabadwa pamene kampira ka anansi 5 kagundana ndi ka anansi 7. Kukazizira zilemazi zimayenda ziwiriziwiri. Kukatentha zimalekana, mizere imaduka, koma kumene mizereyo yaloza sikusintha. Mkhalidwe umenewu ndiwo hexatic. Pambuyo pake ka 5 kamathawana ndi ka 7, ndipo zonse zimasanduka madzi, kutanthauza kuti timipira timayenda popanda dongosolo.

Aphunzitsi ndi ophunzira a ku Tete, Moatize kapena Ulónguè ofuna kuona zimenezi ndi maso, funso loyamba n'lakuti: mu njira imene mwasankhayo, chikuimira kutentha n'chiyani?

Ya maginito ndiyo inatsimikiza KTHNY bwino koposa. Zahn, Lenke ndi Maret anaichita mu 1999: timipira ta pulasitiki ta mamaikuromita 4 kapena 5, tokhala ndi fumbi lachitsulo mkati, togona pansi pa dontho lamadzi lolendewera. Koilo ya waya wamagetsi ikapereka mphamvu ya maginito yoimirira, timipirato timakankhana. Mukachepetsa magetsi m'koilo, zili ngati mwatenthetsa. Simukhudza sampulo n'komwe. Vuto lake ndi dontholo. Madzi akauma pang'ono nkhope yake imapindika, timipira n'kuunjikana mbali imodzi, choncho pamafunika jekeseni yoyendetsedwa ndi kompyuta yobwezera madzi usana ndi usiku. M'chipinda chimene tebulo limanjenjemera galimoto yamalasha ikamadutsa, musayembekezere zambiri.

Timipira tolimba tosakankhana tili ndi khalidwe lina, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Kutentha sikugwira ntchito. Chofunika ndi kuthinana. Bernard ndi Krauth anapeza pa kompyuta mu 2011 kuti madzi ndi hexatic zimakhalira limodzi pamene timipira taphimba gawo la 0.700 mpaka 0.716 la malo, ndipo kristalo imayamba cha pa 0.720. Ndiye kuti kuchoka pa madzi kulowa mu hexatic kumachitika modumpha, osati pang'onopang'ono monga KTHNY imanenera. Gulu la ku Oxford, la Thorneywork ndi Dullens, linaona zomwezo mu 2017 popendeketsa galasi pang'ono chabe: m'munsi kristalo, kumtunda madzi, hexatic kachigawo kowonda pakati. Zipangizo zake n'zochepa poyerekeza ndi za maginito, koma sampulo imafuna kukhala masabata osagwedezeka, ndipo timipira tingapo tikamatirira pagalasi timabala zilema zabodza.

Za microgel ya pNIPAM, pulasitiki yofewa ngati jeli yomwa madzi, tinene mwachidule. Timipira take timafota tikafunda, ndipo cha pa madigiri 32 timanyala kwambiri, kotero kusungunula n'kongotenthetsa pang'ono. Kuli kokoma ku labu yozizira. Mumzinda wa Tete mu Okutobala, pamene kunja kumapitirira madigiri 40, kristaloyo idzakhala itasungunuka musanayatse maikulosikopu, pokhapokha chipinda chili ndi makina oziziritsa osazima. Kumapiri a Angónia n'kosavutirapo.

Njira zitatuzi zimafuna timipira toitanitsa kunja, maikulosikopu ndi kamera. Zotsika mtengo zilipo ziwiri.

Thovu la sopo anayamba nalo Bragg ndi Nye mu 1947. Tengani mbale yakuda yosazama, madzi, sopo wotsukira mbale ndi glycerine pang'ono kuti thovu lisaphulike msanga. Lowetsani singano ya jekeseni pansi pa madzi, mpweya uzituluka mosasintha, tithovu tizikhala pafupifupi milimita imodzi. Singano ikamakwera ndi kutsika tithovu timasiyana kukula, mizere n'kulephera kupangika. Mukakankha m'mbali ndi rula mudzaona chilema cha 5 ndi 7 chikuthamanga kudutsa mbale yonse, ndipo kalasi imakhala chete. Koma tisanamizane: tithovu n'takulu kwambiri moti kutentha sikutigwedeza. Mukuonetsa zilema, osati kusungunuka.

Timipira tachitsulo ta m'magudumu a njinga timafikako pafupi. Yalani mazana angapo, tofanana tonse, m'thireyi yafulati yomangidwa pa sipika, muike galasi pamwamba mosiya mpata wosakwana timipira tiwiri kuti tisakwerane. Imbani liwu limodzi la cha pa mahetsi 50 mpaka 70, mukweze mpaka timipira tiyambe kudumpha. Kenako muzichotsako timipira pang'onopang'ono, mukujambula ndi foni yoimikidwa pamwamba. Thireyi ikapendeka ngakhale pang'ono, tonse timathamangira kukona imodzi. Tikachita dzimbiri kapena mafuta timamatana, choncho titsukeni ndi sipiriti. Kumbukiraninso kuti timipirati timataya mphamvu pogundana, sipika n'kumabwezera, ndiye manambala anu sadzafanana ndendende ndi a Bernard ndi Krauth.

Kwa sukulu yasekondale, thovu likukwana. Kwa wophunzira wa kuyunivesite wofuna zotsatira zowerengeka koma alibe labu, ife tingasankhe timipira tanjinga pamodzi ndi kompyuta. Pulogalamu ya trackpy, ya mu Python, imapeza pakati pa kampira kalikonse pachithunzi. Kuchokera apo muwerenge anansi ndi njira ya Voronoi, yogawira kampira kalikonse malo amene ali pafupi kwambiri nako, mupake a 5 mtundu wina, a 7 mtundu wina. Timipira ta m'mphepete mwa chithunzi musatiwerengere, chifukwa anansi ake ena ali kunja ndipo timaoneka ngati zilema pomwe si zilema. Ndipo musathamangire kulengeza kuti mwapeza hexatic: ndi timipira mazana ochepa, kristalo yofooka ndi hexatic zimafanana kwambiri, pomwe Bernard ndi Krauth anagwiritsa ntchito toposa miliyoni imodzi kuti azisiyanitse.