Malire a tanthauzo kapena chitsanzo chapakati?

Kodi munthu amazindikira bwanji kuti chomwe akuonacho ndi mbalame? Yankho lakale, lochokera kwa afilosofi akale a ku Greece, Plato ndi Aristotle, likuti ganizo lililonse lili ndi tanthauzo lokhala ndi malire: chinthu chikakwaniritsa zofunika zonse chalowa m'gulu, chikaperewera chimodzi chatsala kunja. Pa masamu zimenezi zimayenda bwino. Koma wafilosofi Ludwig Wittgenstein anafunsa za masewera. Mpira, chesi ndi njuga zikufanana pati? Palibe chinthu chimodzi chopezeka mwa onsewa, amangofanana ngati abale a banja limodzi.

Yankho lachiwiri linabwera ndi Eleanor Rosch, katswiri wa kaganizidwe ka anthu wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, m'zaka za m'ma 1970. Iye anapeza kuti anthu a ku America amavomera msanga kuti robin (kambalame kouluka kofala kumeneko) ndi mbalame, koma amazengereza pa penguin (mbalame yosauluka yomwe imasambira m'nyanja). Ndiye kuti m'mutu timasunga chitsanzo chapakati, zina timaziyeza potengera kufanana nacho. Izi n'zomveka, ndipo ine ndimatsamira mbali imeneyi.

Komabe nayo ili ndi zibowo. Wafilosofi Jerry Fodor anaonetsa kuti nsomba yoweta m'galasi si chitsanzo chapakati cha nsomba, sinso cha ziweto, choncho kuphatikiza maganizo awiri kumaivuta. Choposa apo, mu 1983 ofufuza atatu, Armstrong ndi a Gleitman awiri, anapeza kuti anthu amati 3 ndi chitsanzo chabwino cha nambala yosagawika ndi 2 kuposa manambala akuluakulu, pomwe tanthauzo lake n'losakayikitsa. Mpaka lero akatswiri sanagwirizane, ndipo wafilosofi Edouard Machery amafika ponena kuti ubongo umagwiritsa ntchito njira zingapo zosiyana.