Miyezi 9 ndikuvundukula mapangano a mtendere pa PA-X

Nditangoigwiritsa ntchito masabata awiri, ndinalemba mawu ochepa oyamikira PA-X, nkhokwe ya pa intaneti yosunga mapangano a mtendere, yomwe amaiyendetsa ndi akatswiri a ku University of Edinburgh ku Scotland. Ndinati ndi yaulere, muli mapangano oposa 2,000 ochokera kumayiko osiyanasiyana kuyambira mu 1990, ndipo mphunzitsi aliyense wa History ayenera kuidziwa. Mawuwo sindikuwabweza ayi. Kungoti ndinawalankhula ngati munthu amene wangogula njinga dzulo, asanakwere nayo chitunda cha ku Dedza atanyamula thumba la chimanga. Tsopano papita miyezi 9, ndiye ndinene zomwe ndaona.

Miyezi iwiri yoyamba ndinaitaya, ndipo wolakwa ndine. Ndinali ngati mwana amene wamulowetsa m'golosale n'kumuuza kuti atenge chilichonse. Pangano la ku Dayton la 1995 lothetsa nkhondo ya ku Bosnia, ndinatsitsa. La ku Northern Ireland la 1998, la ku Lomé la 1999 la nkhondo ya ku Sierra Leone, la ku Arusha la 2000 la dziko la Burundi, onsewo ndinatsitsa. La ku Colombia la 2016 ndi chibuku cha masamba pafupifupi 300, ndipo mpaka lero ndangowerengako masamba 6. Bandulo ya mwezi wathunthu inkatha pasanathe sabata ziwiri, mayi a kunyumba n'kumandifunsa ngati ndayamba kuonera mpira pafoni.

Zinthu zinayamba kuyenda nditasankha dziko limodzi, Mozambique. Ndimaphunzitsa ku Ntcheu, ndipo aliyense wodziwa Lizulu akudziwa kuti msewu wa M1 ndiwo malire: ukagula kabichi mbali iyi uli ku Malawi, ukawoloka kukagula mbatata uli ku Angónia. Ana ambiri a m'kalasi mwanga agogo awo anathawa nkhondo ya boma la Frelimo ndi gulu loukira boma la Renamo, yomwe inachititsa kuti anthu pafupifupi 1 miliyoni abisale kuno kwathu. Komatu m'mabuku athu nkhondo yonseyo imatha ndi chiganizo chimodzi, choti pa 4 October 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina pangano ku Rome.

Apa ndi pomwe nkhokweyi yandithandiza koposa. Ukasankha dziko, mapepala amabwera ndi masiku ake, ndipo pepala lililonse analiika m'gulu lake: lokonzekera zokambirana, losiyitsa kumenyana, pangano lenileni, kapena lofotokoza mokwaniritsira zomwe anagwirizana. Ukawandandalika motsatira zaka umaona kuti tsiku la 4 October lija silinagwe kumwamba. Mbali ziwirizi zinakumana koyamba ku Rome mu July 1990, kunyumba za bungwe la Akatolika la Sant'Egidio, amkhalapakati ali Andrea Riccardi, bambo Matteo Zuppi, Mario Raffaelli wa boma la Italy ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Mu December 1990 anagwirizana kanthu kakang'ono chabe, kuti asilikali a Zimbabwe azikhala m'mbali mwa njira za Beira ndi Limpopo basi, ndipo a Renamo asamaukire njirazo. Kenako zigawo za pangano zinkabwera chimodzichimodzi: mfundo zikuluzikulu mu October 1991, za zipani mu November, za chisankho mu March 1992. Zaka ziwiri zathunthu anthu akukangana pa tebulo, kumudzi mfuti zikulirabe.

Ana a Fomu 4 ndinawasindikizira mapepala atatu okha n'kuwauza kuti apeze chomwe mbali iliyonse inataya. Mtsikana wina anazindikira yekha kuti m'chigawo choyamba a Renamo anavomera kusiya zida n'kumalimbana ndi boma kudzera m'ndale, pomwe boma linalonjeza kusakhazikitsa malamulo otsutsana ndi zomwe agwirizane. Zaka zonse ndaphunzitsa mutu umenewu ndinali ndisanaonepo mwana akufika pamenepo popanda ine kumulembera pa bolodi.

Tsono pali chiganizo china chomwe chakhala chikundizungulira m'mutu. Chili m'chigawo chachitatu, chomwe mutu wake ndi chisankho koma muli ndime yonena za kubwerera kwa othawa kwawo. Ndimeyo imati anthuwa sadzataya ufulu wawo monga nzika, ndipo adzabwezeredwa katundu wawo amene akadalipo. Mawu akuti “amene akadalipo” ndinawadutsa kawiri osawaona.

Loweruka lina ndili ku msika wa Lizulu ndinakhala pansi ndi gogo wina wogulitsa anyezi, yemwe ndimagula kwa iye kawirikawiri. Anathawira kuno m'ma 1980 ndipo anabwerera kwawo nkhondo itatha. Ndinatsegula foni, kukulitsa zilembo ndi zala ziwiri chifukwa dzuwa linkaphimba galasi, n'kuwamasulira ndimeyo m'Chichewa. Anandimvetsera akusenda khungu la anyezi ndi chikhadabo.

“Aphunzitsi, mubwerezenso pamene pakuti akadalipo.”

Ndinabwereza. Anaseka pang'ono, osati kuseka kokondwa.

“Ng'ombe zanga zinadyedwa chaka chomwe ndinathawa. Kaya anadya ndi a Matsanga (a Renamo) kaya ndi a boma, ine ndinali kuno. Ndiye olembawo sananame. Chomwe chinalipo ndi munda, ndipo mundawo ndinaupeza. Koma tinkaopa kuulima, kuopa mabomba a pansi.”

Ndinawafunsa ngati anamvapo kuti anali ndi ufulu wokasuma kukhoti, chifukwa ndime yomweyo imatero. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa mtengo wa ndege, kenako anandiwonjezera anyezi awiri a basela.

Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga nkhokweyi mosiyana. PA-X imasunga zomwe akuluakulu anasainirana, ndipo ntchito imeneyo imaigwira bwino kwambiri. Zomwe zinachitika pambuyo pa kusainako uyenera kukazisaka kwina. Chigawo chachinayi chimati gulu latsopano la asilikali lidzakhala ndi anthu 30,000, theka ochokera ku boma, theka ku Renamo. Ukangowerenga pepalalo ungaganize kuti zinaterodi. Koma pofika chisankho cha October 1994 omwe analowa anali pafupifupi 12,000, chifukwa anyamata ambiri anali atatopa ndi mfuti ndipo anasankha kubwerera kumudzi. Za mabomba omwe gogo uja ankaopa, dziko la Mozambique linalengeza kuti lamaliza kuwachotsa mu 2015, patatha zaka 23 chisainireni pangano.

Pofuna kudzaza mpata umenewu ndakhala ndikuwerenga PA-X pamodzi ndi magazini ya Accord ya bungwe la Conciliation Resources la ku London, yomwenso ili pa intaneti kwaulere. Kope lake lachitatu, la 1998, ndi la Mozambique yekhayekha. M'menemo ndi momwe ndinawerenga za miyambo yosambitsa asilikali obwerera kumudzi, kuti mizimu ya anthu omwe anawapha isalowe nawo m'nyumba. Dzikolo silinakhazikitse bungwe lofufuza zoona ngati la ku South Africa. Nyumba ya malamulo inangopereka chikhululukiro kwa onse mu 1992, zotsalazo n'kusiyira asing'anga, mipingo ndi mafumu. Ana anga mbali imeneyi anaimva msanga kuposa za ku Rome, poti ena anaonapo zofanana nazo kwawo.

Ofuna kuyamba adziwiretu zinthu zingapo. Nkhokweyi imayambira 1990, choncho pangano la Nkomati la 1984 la Samora Machel ndi P.W. Botha, kapena la Lancaster House la 1979 lomwe linabala Zimbabwe, musakalisake kumeneko. Zonse ndimaziwerenga m'Chingerezi, ndipo ndi Chingerezi cha maloya, choti ndime imodzi umaibwereza katatu. Kumasulira tsamba limodzi m'Chichewa kuti ana akambirane kumanditengera madzulo athunthu. Pafoni kusaka kumatheka, koma kuwerenga PDF yaitali pa kagalasi kakang'ono n'kudzipweteka maso. Masiku ano ndimasaka pafoni masana, ndikapeza pepala lofunika ndimalitsitsa usiku ndi bandulo yotchipa, n'kulisamutsira pa laputopu magetsi akayaka.

Kusaka ndi mutu, monga amayi, chikhululukiro, kugawana mipando kapena othawa kwawo, ndinachedwa kukuphunzira, koma ndiko kwandipulumutsira nthawi. Kumakutengera pa ndime yeniyeni m'malo mokupatsa chikalata chonse. Ndi njira imeneyi ndinatha kuyerekeza ndime za asilikali za 1992 ndi nkhani ya mapangano omwe anabwera pambuyo pake, la Pulezidenti Armando Guebuza ndi Dhlakama la September 2014 ndi la Pulezidenti Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade, yemwe analowa m'malo mwa Dhlakama, la pa 6 August 2019. Mkangano wake ndi womwewomwewo: zida za Renamo, ndi malo a anthu ake m'gulu la asilikali ndi apolisi. Pakati pa mapangano awiriwa ndi pomwe anthu anathawiranso kuno mu 2016, kufikira ku Kapise m'boma la Mwanza asanawasamutsire ku Luwani ku Neno. Msasa womaliza wa Renamo, ku Gorongosa, unatsekedwa mu June 2023.

Kodi ndipitiriza kuigwiritsa ntchito? Inde, koma mafayilo a ku Colombia ndi ku Bosnia aja ndawafufuta kuti foni ipume. Ndatsala ndi foda imodzi ya Mozambique. Teremu ikubwerayi mwana aliyense wa Fomu 4 ndidzamupatsa ndime imodzi ya chigawo chachitatu yomasuliridwa, apite nayo kwa agogo ake kapena kwa wachikulire aliyense wa m'mudzi amene anawoloka malire nthawi imeneyo, akawawerengere, n'kulemba zomwe ayankhe. Gogo wa anyezi uja wavomera kubwera kusukulu, bola lisakhale tsiku la msika.