Mphete yanga ya dayamondi, miyezi 16 ili pachala

Mphete iyi anandiveka ndi bambo akunyumba miyezi 16 yapitayo, kamwala kake ndi ka theka la karati, ndiye kuti magalamu 0.1 basi poti karati imodzi ndi 0.2, kali pa golide woyera ndipo ndi dayamondi wa mu labu osati wokumba pansi. Ena amati wa mu labu ndi feki, ayi ndithu, ndi kaboni yemweyo, kulimba kwake ndi 10 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, ngati winayo, ndipo a kampani ya ku America ya General Electric anayamba kumupanga kalekale mu 1954.

Mwalawo sunakalike ngakhale pang'ono, koma litsiro ndiye eee. Palibe anandiuza kuti dayamondi amakoka mafuta, ukangodzola losheni kapena kugwira tsitsi mawa lake wachita mbuu ngati kagalasi wamba, moti mwezi wachitatu ndinafika poganiza kuti anatipusitsa, osadziwa kuti ndi mafuta ndi sopo zaunjikana kunsi kwa mwala komwe chala sichifika. Pano ndimauviika m'madzi ofunda othira kadontho ka sopo wotsukira mbale, mphindi 20, kenako kamswachi kofewa kunsi kuja, kung'anima konse kumabwerera.

Chomwe chatopa ndi chitsulo chake. Rhodium yemwe amapaka pamwamba kuti golide aoneke woyera wasuluka mbali ya kuchikhatho, payamba kuoneka chikasu. Koma zomwe zinandiopsa ndi timano timene timagwira mwala tija, tsiku lina juzi inakola, nditayika mphete pafupi ndi khutu n'kugwedeza ndinamva kakuti tiki tiki, mtima unangoti myuu. Wokonza mphete anakanikiza kadzino kamodzi komwe kanapindika, ndiye akuti mayi musamanyamule zitsulo ku jimu mutavala iyi, dayamondi savuta kubenthuka mukamumenyetsa pamalo ake ofooka. Ine ndimati chinthu cholimba chonchi chingasweke bwanji, kani kusakalika ndi kusasweka ndi nkhani ziwiri, ali ndi mizere yake yomwe amang'ambikira.

Komanso ndi wankhanza kwa anzake kkkk, ndinauponya m'kabokosi limodzi ndi ndolo zanga za ngale, ngale imodzi inatuluka ndi mzere mpaka lero.

Zoti dayamondi ndi wamuyaya zija ndi mawu otsatsa malonda omwe a kampani ya dayamondi ya De Beers anayamba nawo mu 1947, ngakhale dzina lenilenilo linachokera ku Chigiriki, adamas, kutanthauza chosagonjetseka. Ine zimenezo sizindikhudza kwenikweni, ndimaikonda chifukwa cha amene anandiveka, ndipo mukamagula wa mu labu musayembekezere kudzagulitsanso pa ndalama yooneka. Ndikanati ndisankhenso ndikanatenga ya timano 6 osati 4, komanso yosatukuka kwambiri pachala, iyi imakola chilichonse, juzi ziwiri zapita kale.