Parasha ya sabata pa foni: mmene zandiyendera chiyambire Genesis

Ndinayamba kumvetsera maphunziro a parasha mu Okutobala, Ayuda atangotha chikondwerero cha Simchat Torah, tsiku limene amatsiriza kuwerenga Deuteronomo n'kubwerera pomwepo ku Genesis. Panopa tili m'buku la Numeri, ndiye ndafika poti ndinganene ngati ali aphindu kwa munthu ngati ine, amene si Myuda koma anakulira pa Buku Lopatulika.

Kwa amene simukuzidziwa: mabuku asanu a Mose, omwe eniake amati Torah, anawagawa zigawo 54, ndipo Loweruka lililonse m'sunagoge amawerenga chigawo chimodzi. Chigawocho ndicho parasha. Rabi amene ndimamumvetsera amachidula pasanu ndi pawiri, kagawo kamodzi patsiku kuyambira Lamulungu. Amawerenga vesi m'Chihebri, kulimasulira m'Chingerezi, kenako n'kufotokoza zimene ananena Rashi, mphunzitsi wa ku Troyes, ku France, amene anamwalira mu 1105.

Genesis ndi chiyambi cha Eksodo sizinavute. Nkhani za Abrahamu, Yosefe ndi Farao umazimva bwinobwino uli mu minibasi kapena ukutsuka mbale. Chimene chinandigwira mtima ndi mafunso. Rashi amayamba n'kufunsa kuti bwanji Torah ikuyambira pa chilengedwe, osati pa Eksodo 12 pamene pali lamulo loyamba kuperekedwa kwa Aisraeli monga mtundu. Vesi limene ndinkalidutsa chothamanga, iwo amaima nalo mpaka litayankha.

Mayeso enieni anabwera ndi Levitiko. Nsembe zopsereza, mafuta a pa impso, wansembe akuyang'ana banga la khate ngati tsitsi lake layera: izi kuzimva ndi makutu okha n'kudzinamiza. Maganizo amachoka, ukabwerera rabi ali kale pa vesi lachisanu kutsogolo. Ndinasiya kumvetsera ndikuyenda, n'kuyamba kukhala pansi m'mamawa, Baibulo la Chichewa lili chitsegulire, chala chili pa vesi, ndikuimitsa foni pamene ndasokonezeka. Kuyambira pamenepo buku limene ndinkaliona louma ndi limene landiphunzitsa kwambiri.

Taonani Levitiko 19:14, mu parasha yotchedwa Kedoshim, pamene akuletsa kuika chokhumudwitsa patsogolo pa wosaona. Rashi akuti wosaonayo ndi aliyense amene nkhani inayake sakuidziwa bwino, ndipo chokhumudwitsa ndi uphungu woipa. Chitsanzo chake n'chakuti usauze mnzako kuti agulitse munda agule bulu, pamene iwe mumtima ukuufuna mundawo. N'chifukwa chake vesilo likutha ndi kuopa Mulungu: anthu sangadziwe ngati unalangiza ndi mtima wabwino kapena ayi, amene amadziwa za mumtima ndi Iye yekha. Vesi la pamwamba pake likuti malipiro a waganyu asagone m'nyumba mwako mpaka m'mawa. Amene munaonapo mmene minda ya amasiye imachokera m'manja mwawo, kapena waganyu akubwezedwa kuti abwere mawa, mukudziwa kuti izi si nkhani zakale.

Zovuta zilipo. Rabi amalankhula ndi anthu amene anakula nazo, choncho mawu ambiri a Chihebri amangowadutsa osamasulira. Masabata ena zigawo ziwiri amaziphatikiza, monga Tazria ndi Metzora, chifukwa chaka wamba cha Ayuda chilibe Masabata okwana 54. Sabata ngati imeneyo maphunziro amatalika ndipo bandulo imatha msanga, ndiye ndi bwino kuwatsitsiratu pamene pali wifi. Zaka zina, tsiku lowonjezera la chikondwerero, limene amasunga Ayuda a kunja kwa Israel okha, likagwera pa Loweruka, a ku Israel amatsogola ndi parasha imodzi kwa kanthawi, choncho muziona kuti mphunzitsi wanu akutsata kalendala iti. Komanso phunziro la Loweruka limafika Lachisanu dzuwa lisanalowe, poti Ayuda osunga Sabata sagwira foni tsikulo.

Ndipitiriza mpaka tidzatseke Deuteronomo, ndipo chaka chamawa ndikufuna kuwonjezera Ramban, mphunzitsi wina wakale wa ku Girona, ku Spain, amene nthawi zambiri amatsutsana ndi Rashi. Ngati mukufuna kuyesa, musadikire Okutobala. Yambirani pa parasha ya sabata ino. Malemba a Chihebri ndi Chingerezi pamodzi ndi Rashi alipo aulere pa webusaiti ya Sefaria, ndipo pa zigawo za malamulo muzikhala nawo pafupi.