Casio fx-991ES PLUS patatha semesita ziwiri za homuweki ya fizikisi ndi uinjiniya

Kwa ophunzira a chaka choyamba ku MUBAS, yomwe ambiri kuno ku Blantyre timaitchulabe Poly, kalikuleta imeneyi imakwana. Itagwira ntchito semesita ziwiri tsiku ndi tsiku, mabatani sanafooke ndipo sikirini ikuonekabe bwino. Mayankho olakwika amene amabwera pa homuweki ambiri amachokera ku zimene mwini wake anaisiya nazo dzulo, chifukwa imasunga mmene munaitcherera ngakhale izime.

Vuto lalikulu ndi la ngodya. Mukachita masamu a calculus mumaiika pa Rad, mawa lake mukutenga funso la bokosi lotsetsereka pa thabwa lopendekeka madigiri 30 osayang'ana. Pamenepo sin 30 imakupatsani −0.988 m'malo mwa 0.5, ndipo yankho lonse lapita. Kachilembo ka D kapena R pamwamba pa sikirini ndi kakang'ono kwambiri. Zolowerani kudina SHIFT MODE 3, yoiika pa madigiri, musanayambe funso lililonse la mphamvu ndi ngodya, SHIFT MODE 4 mukabwerera ku ma radian.

Lachiwiri ndi batani la ×10ˣ. Likagwiritsidwa ntchito, 3×10⁵ imakhala nambala imodzi, choncho 2 ÷ 3×10⁵ imatuluka bwino. Koma mukalemba nokha 3, ×, 10 ndi mphamvu yake, kalikuleta imayamba yagawa 2 ndi 3 kenako n'kuchulukitsa, yankho n'kukula ka 10¹⁰. Mafunso a Coulomb ndi a ma capacitor ndi amene amafera apa. Chimodzimodzi −3² imapereka −9. Ngati mukufuna 9, nambalayo itsekereni m'mabulaketi.

Pomwe imabweza ndalama zanu ndi pa MODE 5, yopezera mayankho a ma equation. Mwala woponyedwa m'mwamba pa 15 m/s kuchokera padenga la mamita 20 umapereka 4.9t² − 15t − 20 = 0. Dinani MODE 5 3, lowetsani 4.9, −15 ndi −20, mupeza 4.07 ndi −1.00. Kusankha kuti nthawi ndi masekondi 4.07 ndi ntchito yanu, makinawo sadziwa kuti nthawi siibwerera m'mbuyo. Pa malamulo a Kirchhoff ndi MODE 5 1 ngati zosadziwika zili ziwiri, MODE 5 2 ngati zili zitatu. Mwachitsanzo 5I₁ − 2I₂ = 10 ndi −2I₁ + 8I₂ = 0 zimapereka 2.22 A ndi 0.556 A. Apa chofunika n'chakuti nambala yopanda chilembo ikhale kumanja kwa chizindikiro cha = musanalowetse, apo ayi zizindikiro zonse zimatembenuka.

Ma complex nawonso amayenda bwino. Tengani magetsi a ESCOM, 230 V pa 50 Hz, resistor ya 30 Ω ndi koyilo ya 0.1 H. Mu MODE 2 lembani 30 + 31.4i (chilembo i chili pa batani la ENG), kenako SHIFT 2 3, mupeza 43.4∠46.3°, ndipo mukagawa 230 V ndi 43.4 Ω mupeza 5.3 A. Mukatha bwererani ku MODE 1, chifukwa zinthu zina monga SOLVE, yopezera X mu equation yomwe mwalemba, sizigwira mukadali mu MODE 2.

SOLVE yokhayo musaikhulupirire kwambiri. Imafufuza yankho ndi njira ya Newton kuyambira pa nambala yomwe mwaipatsa, ndipo imabweretsa yankho limodzi lokha. Mukasiya X yakale yomwe inatsala m'kati, ikhoza kukupatsani yankho lolondola pa masamu koma lopanda tanthauzo pa funsolo, kapena kungoti Can't Solve. Yambani mwayerekeza pamutu, mulowetse nambala yoyandikira.

Chenjerani ndi g, nambala ya mphamvu yokokera zinthu pansi. SHIFT 7 35 imapereka 9.80665, pomwe aphunzitsi ambiri amafuna 9.81 kapena 9.8, ndipo a MSCE anazolowera 10. Gwiritsani ntchito yomwe yalembedwa pa pepala la mafunso. Mndandanda wa manambala 40 osasintha a pa SHIFT 7 uli m'kati mwa chivundikiro, ndiye chisatayike. Kusintha km/h kupita ku m/s ndi SHIFT 8 19, ngakhale kugawa ndi 3.6 n'kofulumira.

Za batire palibe zambiri. Ili ndi sola komanso kabatire ka LR44. Magetsi akathima n'kumawerengera kandulo, sola sithandiza ndipo imadya batire. Manambala akayamba kuzilala, sinthani msanga mayeso asanafike. Makalikuleta achinyengo alipo ambiri m'misika, ndipo musanapereke ndalama yesani integral imodzi ndi MODE 5 pomwepo.

Sijambula magirafu ndipo matrix yake imathera pa 3×3, choncho truss yokhala ndi zosadziwika zoposa zitatu muyenera kuiphwanya ndi dzanja, mfundo imodzi imodzi. Ikayamba kuchita zachilendo, SHIFT 9 3 = imafufuta zonse, kuphatikizapo manambala amene munasunga mu A mpaka F.