Miyezi 9 ndikujambula nkhani m'mawa uliwonse, kabuku ndi mapeni aja zafika pati?

Ndinalonjeza kuti pakapita miyezi ndidzanena mmene zayendera, ndiye ndabwera ngakhale mochedwa. Kwa inu amene simukudziwa, ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi pamanja, za m'mabuku a ana, za m'magazini, pena maposita, chilichonse chimene kasitomala wabwera nacho, ndipo pafupifupi zonsezo ndimapangira pa tabuleti. Koma miyezi 9 yapitayo ndinagula kabuku ka mapepala oyera ka saizi ya A5, peni ya bulashi imodzi ndi timapeni tiwiri tosongoka, n'kudziikira lamulo loti m'mawa uliwonse ndisanagwire ntchito ya ndalama ndizimvera nkhani kenako ndijambule chinthu chimodzi chochokera mmenemo. Mphindi 20 basi, popanda pensulo, popanda labala.

Ndiyambe ndi kabuku chifukwa ndi komwe kanandikhumudwitsa. Koyambako dzina lake sinditchula, kanali ka mapepala opyapyala omata ndi guluu, inki ya bulashi imatulukira kuseri moti tsamba lililonse ndimangogwiritsa mbali imodzi, ndipo pofika mwezi wachitatu masamba anayamba kuthothoka okha ngati nkhuku yodwala. Kachiwiri ndinasankha kosoka ndi ulusi ka mapepala a 160 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), ndiye kusiyana kwake eee, kamatseguka n'kugona bwinobwino patebulo osachita kukapanikiza ndi chigongono. Mukamagula muziyang'ana zinthu ziwirizo, kulemera kwa pepala ndi kasokedwe, zachikuto chokongola zisiyeni. Ngati mumathira utoto wamadzi wambiri ndiye mufunika 300 gsm, koma pa inki yokha 160 yakwana. Saizi ya A5 (148 ndi 210 mm) poyamba ndimaiona yaing'ono, pano ndikuona kuti ndi imene yandisunga, tsamba laling'ono siliopsa ukadzuka wotopa.

Timapeni tosongokato ndi Pigma Micron ta kampani ya Sakura ya ku Japan, 01 ndi 05. Manambalawo asakupusitseni, 01 mzere wake ndi 0.25 mm ndipo 05 ndi 0.45 mm. Inki yake ikauma siyisungunuka ndi madzi, ndipo ndayerekeza tsamba loyamba ndi la dzulo, kuda kwake n'chimodzimodzi. Ka 01 koyamba ndinakaphwanya msonga ndekha pasanathe mwezi, mlandu ndi wa dzanja langali lomwe linazolowera kukanikiza pagalasi la tabuleti ngati likulima. Nditaphunzira kupepusa dzanja kachiwiri kakhala miyezi yambiri. Peni ya bulashi ndi Pentel Pocket Brush, ija ya tiubweya ta nayiloni yosintha katiriji inki ikatha, ndipo iyi ndiye ndaikonda zosasimbika. Miyezi yonseyi msonga wake ukadasongokabe, mzere umodzi womwewo utha kuyamba ngati tsitsi n'kuthera ngati chala. Kungoti imafuna kudekha, masamba angapo ndinawadetsa ndekha potseka buku inki isanaume chifukwa chothamangira ntchito.

Chimene sindinayembekezere ndi ichi. Mu Procreate, pulogalamu yojambulira pa tabuleti, ukalakwitsa umangogunda sikirini ndi zala ziwiri mzere n'kufufutika, ndiye sabata zoyambirira ndimapezeka ndikugunda pepala ndi zala ziwiri, zoona, munthu wamkulu ndikugogoda pepala kudikira kuti mphuno yokhota ichoke. Siyichoka. Ndiye umayamba kuganiza kaye usanaike peni, kuti kodi pa nkhani imeneyi ine ndikufuna kunena chani kwenikweni, ndipo apa mpamene ndinazindikira kuti masiku ambiri ndinalibe choti ndinene, ndinali ndi mkwiyo chabe.

Masamba a miyezi iwiri yoyamba mukawatsegula mungodzaona andale amimba zikuluzikulu, matumba a ndalama, pakamwa potseguka. Tsiku limenelo zimandikoma kwabasi. Koma nditabwerera kukaziona mwezi wathawu, theka lake sindikukumbuka n'komwe kuti nkhani yake inali yotani, ndani ananena chani, zangotsala nkhope zolusa zopanda mutu. Zomwe zikadali ndi moyo ndi zina zimene tsikulo ndimaziona ngati zofooka, mayi atanyamula mwana pakati pa madzi osefukira, nsapato za anthu ali pamzere wovota, bambo akuwerenga timakobidi padzanja mitengo ya zinthu itakwera. Zimenezi olo munthu asadziwe dziko kapena chaka amamva ndithu.

Zinandikumbutsa Honoré Daumier, wojambula makatuni wa ku France uja. Mu 1831 anajambula mfumu Louis-Philippe ngati chimphona chokhala pampando chikumeza ndalama zotoleredwa kwa anthu osauka, ndipo mu 1832 anakalowa nazo kundende, chilango cha miyezi 6. Ndani lero akudziwa tsatanetsatane wa mikangano ya misonkho ya nthawi imeneyo, koma chithunzicho ukangochiona wamva kale, sichifuna wokufotokozera. Ndiye ndinayamba kuyesa zanga chomwecho, ndimaphimba mawu apansi ndi dzanja, ngati chithunzi chasowa chonena ndiye kuti ndajambula mutu wankhani wa nyuzipepala osati chithunzi. Zambiri zimalephera mayeso amenewa, sindinama. Komabe deti ndi kamzere kamodzi ka zomwe zinachitika ndimalembabe pansi, ndinayamba mochedwa mwezi wachitatu ndipo ndimadandaula kuti bwenzi nditayamba tsiku loyamba.

Za kuika pa intaneti ndiye nkhani ina. Malo a ojambula makatuni andale m'manyuzi akucheperachepera, New York Times inasiya kuwasindikiza mu kope lake lapadziko lonse mu 2019, ndipo mu Januwale 2025 wojambula makatuni Ann Telnaes anasiya ntchito ku Washington Post akonzi atamukanira katuni yake, ndiye ambirife timangoti basi tiziika tokha pa Instagram ndi Facebook. Ine ndinaika tsiku ndi tsiku kwa miyezi inayi. Vuto lake anthu amakonda zaukali zija, ukaika ya mayi ndi mwana kuli zii, ukaika wandale wamimba foni siyipuma, ndiye pang'onopang'ono ndinapezeka m'mawa ndikusaka nkhani yokwiyitsa dala kuti anthu adzawombe m'manja. Tsiku lina ndinajambula nkhani imene madzulo ake inapezeka kuti sinali yoona, ndinachotsa koma anthu anali atagawana kale, manyazi ake sindidzaiwala. Kuyambira pamenepo chithunzi chimagona m'buku masiku atatu, ngati chikadali bwino ndiye ndichiika, ndipo zambiri sizituluka.

Kodi ndinakwanitsa tsiku lililonse? Ayi ndithu. Inktober, ija yojambula ndi inki tsiku lililonse imene anayambitsa wojambula Jake Parker mu 2009, ndinaipangapo kangapo, koma ija ndi zithunzi 31 mu Okutobala, umadziwa kuti itha. Izi zilibe pothera. Mwezi wachisanu nkhani za nkhondo zinandilemera, kudzuka n'kuyamba tsiku ndi ana ovulala kenako nkupita kukajambula kalulu wosekerera wa buku la kasitomala, mutu unakana, ndinasiya sabata ziwiri zathunthu. Nditabwerera ndinafewetsa lamulo, tsiku limene nkhani zandikulira ndimajambula dzanja langa lamanzere kapena nsapato, n'kulemba deti basi. Masamba amenewo alipo ambirithu, ndipo chodabwitsa manja amene kale ndimawabisa m'matumba a anthu anga pano ndimajambula osaopa.

Kuntchito ya ndalama phindu lilipo. Zithunzi zoyeserera zomwe ndimatumiza kaye kwa kasitomala ndikumazimaliza msanga chifukwa ndasiya kufufuta mzere umodzi ka 15, ndipo mkonzi wina anandifunsa ngati ndasintha bulashi ya mu tabuleti, pomwe sindinasinthe kanthu. Chotopetsa ndi kuzisamutsa, ukajambula tsamba ndi foni inki yakuda bii imaoneka yotuwa pepala n'kuoneka lachikasu, ndiye umakhalanso pansi kukonza, pena ulesi umandigwira n'kungozisiya m'bukumo.

Ndiye kugulanso? Kabuku kosoka eya, peni ya bulashi eya kawiri, Micron 05 eya, 01 mwina ndidzasiya chifukwa ndikangoigwira ndimayamba kukongoletsa tinthu ting'onoting'ono mphindi 20 zija n'kukhala ola. Pano ndili pa kabuku kachinayi, kwatsala masamba 12, ndipo la lero ndi nsapato.